Masilaidi a pathology a ana athu a udokotala: pomwe tafika

Sabata 1, Lachiwiri

Ndayamba kulemba izi kuti ndisamaiwale komanso kuti anzanga amene tikugwira nawo ntchitoyi azidziwa pomwe tafika osachita kundiimbira. Chinandiyambitsa ndi mtsikana wina wa gulu la chaka chatha, wanzeru zedi, amene anandiuza tanthauzo lonse la coagulative necrosis, mtundu wina wa kufa kwa maselo, osaphonya olo liwu limodzi, mpaka njira zitatu zomwe nucleus imafera, pyknosis, karyorrhexis, karyolysis, zonse pamtima. Nde ndinamukhazika pa maikulosikopu, silaidi ya impso yomwe mbali ina magazi anasiya kufikako, ndinati tandionetsani pomwe pafa. Anayang'ana kanthawi ndithu, kenako anadzutsa mutu nkunena kuti adokotala ine ndikungoona pinki yekhayekha. Sananame ayi, ndipo sindinamukwiyire, chifukwa ndife tomwe tinamupatsa mawu tisanamuphunzitse kuona. Zinandikhala mumtima holide yonse. Mwana ameneyu zaka zochepa zikubwerazi adzakhala yekha pa chipatala chakutali, kudzabwera munthu ndi chotupa m'khosi, ndipo chodzamuthandiza si tanthauzo loloweza koma kudzifunsa kuti mkatimu mukuchitika chani, maselo akufa, akumenya nkhondo, akupoletsa bala kapena akungoswana osamveranso lamulo.

Ntchito yake ndi iyi. Tikufuna masilaidi 40 a general pathology, phunziro la mmene matenda amasinthira maselo ndi ziwalo, onse a matenda omwe ana amakumana nawo akamayenda m'mawodi kuno ku Blantyre. Silaidi iliyonse ikhale ndi zithunzi zinayi, chiwalocho mmene chimaonekera ndi maso, kenako pa maikulosikopu ndi magalasi okulitsa a x4, x10 ndi x40, kuphatikizapo voice note yosapitirira mphindi zitatu. Zonse zizipita pa gulu la WhatsApp usiku woti mawa kuli practical, ndipo zikhale zopepuka chifukwa bandulo ndi ndalama, ana ambiri ndalama yomweyo ndi ya chakudya ndi minibasi. Mitu ndi yomwe ija ya masiku onse, kuvulala ndi kufa kwa maselo, inflammation yomwe ndi nkhondo ya thupi pomwe pavulala kapena palowa tizilombo, kupola kwa mabala, mavuto a kayendedwe ka magazi, nkumalizira khansa. Lamulo langa ndi limodzi basi, mwana asatchule dzina la matenda asananene zomwe akuona. Mtundu wanji, maselo achulukana kapena atalikirana, nucleus ilipo kapena yasowa. Dzina lizibwera pambuyo.

Chilolezo tinapempha kale ndipo chinatuluka. Pa chithunzi pasaoneke dzina la wodwala, nambala ya ku labu, tsiku kapena mudzi, ndipo ndawauza ana kuti zithunzizi zisatuluke pa gulu, zisapezeke pa status kapena pa Facebook. Kanyama kali pagalasipo ndi ka munthu, ali ndi abale ake.

Sabata 1, Lachisanu

Kujambula ndi foni pa diso la maikulosikopu kumaoneka ngati kophweka. Dzanja likangonjenjemera pang'ono chithunzi chonse chimathawa, kumatsala kadontho kowala pakati pa mdima. Masana onse ndapeza zithunzi zabwino zitatu zokha. Ndapita kwa mnyamata wina wowotcherera ku Ndirande ndi kapepala komwe ndinajambulapo zomwe ndikufuna, kachitsulo kogwira foni mbali ina, mbali inayo kovala pa eyepiece ndi bawuti yomangira. Anandifunsa kuti ndi ka ntchito yanji, nditamuonetsa chithunzi cha chiwindi anachiyang'anitsitsa nkuti ndiye kuti mkati mwathumu muli chonchi? Wakonza lero lomwe, waikamo ndi kamphira ka chubu cha njinga kuti foni isakalike.

Kwa amene ajambule ine kulibe: zimitsani flash, lokani focus, zoom pang'ono kuti mdima wa m'mbali uchoke, ikani timer ya masekondi atatu kenako chotsani manja. Muziyamba mwaloza pomwe pali galasi lopanda kanthu kuti foni idziwe choyera ndi chiti, apo ayi eosin, utoto wa pinki wa pa silaidi, amatuluka wachikasu ndipo ana azolowera mtundu wolakwika.

Sabata 2, Lachinayi

Tayamba ndi chiwindi chodzaza mafuta cha mwana amene anali ndi kwashiorkor. Ndinasankha dala, chifukwa funso limabwera lokha, mwana wosowa zakudya chiwindi chake chidzaze bwanji mafuta? Ndinawasiya akangane kaye okhaokha. Kenako ndinawauza kuti chiwindi sichingatumize mafuta m'magazi okha, amayenera akwere pa mapuloteni otchedwa apolipoprotein, ngati matumba a chimanga odikira lole. Mapuloteni akasowa m'thupi lole sibwera, matumba amangounjikana m'nyumba mpaka kudenga. Pa silaidi selo iliyonse ili ndi bowo loyera mbee, nucleus yakankhidwira pakona. Mnyamata wina anafunsa kuti nanga mafutawo ali kuti poti bowolo mulibe kanthu, ndinasangalala kwambiri chifukwa apa ndiye kuti wayang'anadi. Mafutawo anasungunuka ndi alcohol ndi xylene pokonza silaidi, chatsala ndi malo omwe anali. Ndipo ndinatsindika kuti selo imeneyi sinafe, mwana akapeza zakudya zoyenera chiwindi chimabwerera mwakale. Tinaika pambali pake impso ija ya chaka chatha, timachubu tonse tilipo mmene tinalili koma ma nucleus mulibe, ngati mudzi womwe nyumba zili chiimire koma anthu anasamuka. Ameneyo sabwereranso.

Apa ndiimepo pang'ono chifukwa nkhani iyi imandivuta chaka chilichonse. Mabuku akulu a pathology analembedwa ndi anthu ofanizira matenda ndi zakudya za kwawo. Caseous necrosis, nyama yakufa ya TB, akuti ili ngati tchizi chofumbutuka. Chiwindi cha munthu amene mtima wake wa kumanja ukulephera akuti nutmeg liver. Mafinya a amoeba m'chiwindi akuti anchovy paste. Ndinafunsa kalasi kuti ndani anaonapo nutmeg itadulidwa pakati, palibe anakweza mkono. Ndiye fanizo lomwe linayenera kuwathandiza lasanduka chinthu china choti aloweze. Tagwirizana kuti mawu a Chingerezi aziwadziwa chifukwa mayeso ndi malipoti amafuna amenewo, koma pambali pake tiziika athu. Caseous tati ndi chambiko chokhuthala chikayamba kuuma, choyera motuwa, ukachigwira chimanyenyeka. Nutmeg liver mtsikana wina wa ku Ntcheu anati ndi mawanga a nkhanga, kungoti awa ndi ofiira moderako pakati pa zotuwa, ndipo kalasi yonse inavomera pompo. Madontho ofiirawo ndi pakati pa lobule pomwe magazi adikha chifukwa mtima sukuwakoka, ndipo kwathu kuno kawirikawiri timaziona mwa achinyamata amene rheumatic fever inawaononga ma valve. Anchovy paste tati phala la mawere. Ndikulemba zonsezi mu kope limodzi, zomwe zachokera kwa ana ndi zomwe zikugwira bwino kuposa zanga.

Sabata 3, Lachitatu

Lero tinawatengera ku labu m'magulu ang'onoang'ono kuti aone silaidi imachokera kuti. Ndinapempha bambo athu a ku labu, amene anayamba kudula ma block, timabuloko ta sera tokhala ndi kanyama mkati, ine ndili ku sekondale, kuti atsogolere iwowo ine ndikhale kumbuyo. Anayambira pa botolo. Kanyama kakachotsedwa m'thupi kamayamba kudzidya kokha nthawi yomweyo, nde kalowe mu formalin wa 10% msanga, ndipo formalin akhale wochuluka kakhumi kuposa kanyamako. Amalowa pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa ola, ndiye chotupa chachikulu ngati mango ukangochiponya chathunthu kunja kumauma bwino koma mkati mumaola. Kenako alcohol kuchotsa madzi, xylene kuchotsa alcohol, sera wosungunula kulowa m'malo mwake, mpaka kanyama kakhale mkati mwa block yolimba.

Pa microtome, makina odulira block, ndi pomwe ana anakhala chete. Kunja kukutentha ngati mmene Okutobala amachitira, bambowo anayamba aika block pa ayisi, nkuimangirira, nkuyamba kupukusa pang'onopang'ono, ndipo kunatuluka kansalu kopyapyala ka ma micron anayi kolumikizana ngati riboni. Anakanyamula ndi kaburashi ali chigwirire mpweya, nkukayala pa madzi ofunda, makwinya onse anatambasuka okha, kenako analowetsa galasi pansi pake nkukavuula. Mtsikana wina anayesa, kansalu kanapindika nkumata pa chala. Bambowo anangoti mwanangu, kuona maso a nkhono nkudekha, tengani ina. Kachitatu zinatheka ndipo anzake anamuombera m'manja. Atatha anawaonetsa mabafa a utoto, haematoxylin amene amagwira nucleus nkuisandutsa yabuluu mofiirira, ndi eosin amene amapaka zotsalazo pinki.

Chomwe ndimafuna kwambiri chinali chomaliza. Anatulutsa botolo lomwe linachokera ku chipatala china chakutali, sinditchula, kanyama ka m'khosi kanaikidwa m'madzi a drip m'malo mwa formalin, kanayenda masiku, ndipo pa fomu panangolembedwa kuti mass basi. Tinaika silaidi yake pa maikulosikopu, zonse phala, palibe chomwe munthu anganene. Bambowo anati adokotala a mawa inu, munthu uyu anadulidwa, anamva ululu, anagulitsa mwina nkhuku kuti apeze thiransipoti, akudikira yankho, ndipo yankho lake ndi loti abwerenso adzadulidwe kachiwiri. Palibe anayankha. Ndaonjezera silaidi imeneyi pa mndandanda, ikhala nambala 41, pamodzi ndi chithunzi cha fomu yolembedwa bwino, zaka za wodwala, pomwe kanyama kachotsedwa, chotupa chakhala nthawi yaitali bwanji, za HIV ndi mankhwala omwe akumwa.

Sabata 4

Sizinayende. Magetsi anazima masiku awiri nthawi ya practical yeniyeni, tinangogwiritsa ntchito zithunzi za pafoni, zomwe zinathandiza koma sizifanana ndi kuyendetsa silaidi wekha. Ma voice note awiri ndajambulanso chifukwa agalu a kwa aneba ku Chilomoni analowamo. Tili pa masilaidi 11. Ana apempha kuti zithunzi zizibwera isanakwane 8 koloko usiku, ndavomera.

Sabata 5, Lachiwiri ndi Lachisanu

Inflammation. Zizindikiro zinayi za Celsus, kufiira, kutupa, kutentha, kupweteka, aliyense amazidziwa chifukwa palibe amene sanadwalepo chithupsa. Nde tinayambira pa chithupsa pomwepo, ndinati tiyeni tilowe mkati mwake. Kufiira ndi kutentha ndi mitsempha ya magazi yomwe yatseguka, kutupa ndi madzi ndi mapuloteni omwe atuluka chifukwa makoma a mitsempha ayamba kudontha, kupweteka ndi bradykinin ndi ma prostaglandin, nchifukwa chake brufen amathandiza. Mafinya ndi ma neutrophil, maselo oyera a m'magazi, omwe afera pa ntchito pamodzi ndi nyama yosungunuka. Iwowa ndi oyamba kufika, amalamulira maola 6 mpaka 24 oyambirira, kenako pakati pa maola 24 ndi 48 ma macrophage, maselo akuluakulu odya tizilombo ndi zakufa, amatenga malo.

Silaidi inali ya appendix. Ndinati aliyense andipezere neutrophil imodzi, osati zambiri, imodzi yokha, aiike pakati nkundiitana. Mnyamata wina amene amakhala kumbuyo osayankhula anandikodola, ndinasuzumira, inalidi pakati penipeni, nucleus yogawika tizigawo titatu tolumikizana ndi kaulusi. Ndinati mwaipeza, tsono pitani pa x10 muone kuti anzake ali kuti. Anatsitsa, anayendetsa pang'ono, kenako anati aaa adokotala, ali ponseponse, alowa mpaka mu minofu. Ndinamuuza kuti zimene wanenazo ndi zomwe pathologist amafuna kuti alembe acute appendicitis, ma neutrophil mkati mwa muscularis propria. Anabwereranso pa diso la maikulosikopu osandiyankha, ndipo anatuluka womaliza.

Lachisanu linali la TB, ndipo apa pali msampha wakale, granuloma ndi granulation tissue. Mayina akufanana koma ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Ndinaika maikulosikopu awiri moyandikana. Kumanzere pansi pa chilonda chomwe chikupola, timitsempha tatsopano tambirimbiri, ma fibroblast, madzi pakati pake, kanyama kofiira kaja kamene mumakaona mukamatsuka bala ndipo kamatuluka magazi mukangokakhudza. Kumanja mwanabele wa m'khosi, pakati chambiko chija chopanda selo olo imodzi, mozungulira ma macrophage omwe asintha mawonekedwe nkukhala epithelioid, kunja kwake mpanda wa ma lymphocyte. Langhans giant cell buku limati ma nucleus ake akhala ngati nsapato ya hatchi, ife tati ngati anthu owotha moto amene asiya mpata mbali imodzi kuti utsi udutse. Ndawachenjezanso kuti Langhans ndi Langerhans ndi anthu awiri osiyana, winayo ndi wa tizilumba ta mu pancreas ndi maselo a pakhungu.

Kenako silaidi yachitatu, TB yomweyo mwa munthu amene CD4 yake inatsikiratu. Granuloma yooneka bwino palibe, kungoti nyama yakufa ndi maselo obalalika, koma pa utoto wa Ziehl-Neelsen timitengo tofiira, tizilombo ta TB, tadzaza ngati mpunga wotayika. Ndinafunsa chifukwa chake. Zinatenga nthawi koma anafika okha, kuti mpanda uja amamanga ndi ma macrophage atalamulidwa ndi ma CD4 kudzera mu interferon gamma, olamula akasowa mpanda sumangika. Immunology yomwe anaiona ngati yolemetsa chaka chatha yagwira ntchito lero pamaso pawo.

Sabata 6

Kupola kwa mabala tadutsa mwachangu, keloid wa pakhutu ndi chipsera cha mtima. Chomwe ndikufuna asaiwale ndi choti bala la opaleshoni pakatha sabata limakhala ndi mphamvu pafupifupi 10% ya khungu labwino, ndipo olo patatha miyezi itatu limangofika 70 mpaka 80%. Mayi wa siza akamauzidwa kuti asasenze ndowa kapena kusinja, chifukwa chake ndi chimenechi, ndipo dokotala wodziwa chifukwa amafotokoza mosiyana ndi wongobwereza malangizo. Masilaidi 22.

Sabata 7, Lachinayi

Thrombosis, kuundana kwa magazi mu mtsempha, tinaiyamba ndi zinthu zitatu za Virchow, khoma la mtsempha lovulala, magazi oyenda mwaulesi, ndi magazi ofulumira kuundana, chitsanzo mayi amene wangobereka kumene wagona masiku mwendo umodzi nkutupa. Koma nthawi yambiri inathera pa malungo a mu ubongo, ndipo sindikudandaula.

Silaidiyi ndi yovuta kuiyang'ana ukadziwa kuti ndi ya mwana. Timitsempha tating'ono ta mu ubongo tadzaza maselo ofiira omwe ali ndi falciparum, kachilombo ka malungo, mkati, amatirira kukhoma, ndipo paliponse pali timadontho takuda ta haemozoin, zotsalira za haemoglobin yomwe kachilomboka kadya. Kachilomboka kamaika puloteni yake, PfEMP1, kunja kwa selo yofiira kuti imate pa khoma la mtsempha isakafike ku spleen komwe ikanaonongedwa. Malo ena kamtsempha katsekeka ndipo magazi atayikira mozungulira ngati mphete.

Ndinawauza kuti zambiri zomwe dziko lonse likudziwa pa matendawa zinapezeka mumzinda uno, ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth. Blantyre Coma Score yomwe amaigwiritsa ntchito mu wodi ya ana, ya 0 mpaka 5, yoyezera kukomoka kwa mwana, inatuluka mu 1989 kuchokera kwa Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo. Mu 1993 Susan Lewallen anafotokoza zomwe zimaoneka kuseri kwa diso la mwana wa malungo amenewa. Ndipo mu 2004 zotsatira za kupima matupi zinaonetsa kuti mwa ana 31 omwe madokotala ankati amwalira ndi malungo a mu ubongo, 7 anamwalira ndi zina, tizilombo tinali m'magazi mwawo inde koma chowapha sichinali chimenecho, ndipo chomwe chinkasiyanitsa magulu awiriwa anawo ali moyo chinali diso lija. Mu 2015 MRI inaonetsa kuti mwa ana omwe anamwalira, 84% ubongo wawo unali utatupa kwambiri, pomwe mwa opulumuka anali 27%. Ndinaona nkhope zikusintha. Ena ankaganiza kuti pathology imachokera kunja yonse, ife timangolandira.

Mtsikana wina anafunsa funso lomwe ndimalilemekeza, kuti adokotala, makolo amavomera bwanji kuti mwana wawo apimidwe thupi maliro ali mkati? Tinasiya masilaidi nkukambirana zimenezi mphindi makumi awiri. Kwathu thupi la malemu ndi lolemekezeka, abale amafuna kunyamuka nalo msanga ulendo wa kumudzi, pali mantha oti ziwalo zichotsedwa, ndipo chilolezo sichichokera kwa munthu mmodzi, pamafunika amalume, agogo, mwini mbumba. Ndinawauza kuti wokana sanalakwe, ndipo wovomera wapereka mphatso yaikulu zedi panthawi yowawa kwambiri pa moyo wake. Ana amene lero akuyang'anidwa m'maso asanapatsidwe dzina la matenda akupindula ndi makolo amenewo. Voice note ya silaidi iyi ndaijambula katatu, yadutsa mphindi zitatu ndipo ndaisiya choncho.

Sabata 8

Tinapanga kamayeso kopanda malikisi, zithunzi khumi zomwe sanazionepo, lembani zomwe mukuona kenako zomwe mukuganiza. Kufotokoza kwasintha kwambiri, pinki yekhayekha uja sanaonekenso, ambiri akuyamba ndi x4 nkumatsika bwinobwino. Pomwe pakadali vuto ndi plasma cell ndi lymphocyte, komanso ena akumathamangira x40 asanadziwe kuti ali pa chiwalo chanji. Ndaonanso kuti amene mafoni awo ndi ang'ono kapena osweka galasi akutsalira, nde tasindikiza zithunzi za masilaidi ofunikira kwambiri pa pepala lonyezimira ku Ginnery Corner, tazimata pa khoma la chipinda cha practical. Ndalama yake tasonkherana aphunzitsi atatu.

Sabata 9 ndi 10

Khansa. Ndinayambira pa khomo la chiberekero chifukwa Malawi ali m'gulu la maiko omwe khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo mwana aliyense m'kalasimo akudziwa mayi wina amene anapita nayo. Tinayala masilaidi anayi motsatana, khomo labwinobwino, CIN 1 ndi CIN 3 omwe ndi magawo a kusintha kwa maselo khansa isanayambe, ndi khansa yomwe yalowa mkati. Pa loyamba maselo ali mwadongosolo, apansi ang'onoang'ono akuda, akamakwera akukula nkuphwatalala. Pa CIN 3 kuyambira pansi mpaka pamwamba onse akufanana, ma nucleus akulu akuda, ena akugawikana pamwamba pomwe sayenera kutero, koma mzere wa pansi uja, basement membrane, uli chilili. Pa lachinayi mzere wathyoka ndipo timagulu ta maselo tamwazikira mu nyama ya pansi. Ndinawauza aike chala pa sikirini pomwe pali mzerewo. Pamwamba pa chala mayi amachira ndi chithandizo cha mphindi zochepa ku kiliniki, pansi pa chala ndi nkhani ya opaleshoni yaikulu, radiotherapy, mwinanso mochedwa. Ndipo kuchoka pamwamba kufika pansi pamatenga zaka zambiri, nchifukwa chake VIA, viniga uja amapaka pa khomo la chiberekero, ili ndi phindu. Mitundu 16 ndi 18 ya kachilombo ka HPV ndi yomwe imayambitsa pafupifupi 70% ya khansayi, mwa mapuloteni ake E6 amagwetsa p53, E7 amamanga manja Rb, mabuleki onse awiri a selo kutha. Katemera wake anayamba kuperekedwa dziko lonse lino mu 2019 kwa atsikana a zaka 9.

Burkitt lymphoma ana anaikonda chifukwa fanizo la m'buku ulendo uno ndi lathu lomwe, thambo la usiku lodzaza nyenyezi, aliyense amene anagonapo kumudzi kopanda magetsi analizindikira pa x10 pomwepo. Mdimawo ndi ma lymphocyte a khansa othithikana, nyenyezizo ndi ma macrophage omwe akudya maselo akufa, chifukwa chotupachi chimakula msanga zedi, chimatha kuwirikiza pa tsiku limodzi kapena awiri. Denis Burkitt anachifotokoza mu 1958 ali ku Uganda, mu 1961 anayenda pa galimoto m'zipatala za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuno nkomwe anadutsa, kufunsa komwe ana otupa nsagwada akupezeka, ndipo mapu ake anagwirizana ndi madera otentha a chinyezi komwe malungo sachoka. Mu 1964 Epstein, Achong ndi Barr anapeza kachilombo ka EBV m'maselo a chotupa chomwechi. Malungo obwerezabwereza, EBV, kenako jini ya MYC yolamula selo kuswana kusamuka kuchoka pa chromosome 8 kupita pa 14 pafupi ndi jini ya immunoglobulin yomwe sizima, basi selo imangoswana.

Kaposi sarcoma tadutsa msanga poti amaiona kale pa miyendo ndi m'kamwa mwa odwala, maselo aatali ngati nsonga za ulusi ndi timing'alu todzaza maselo ofiira, kachilombo kake HHV-8 kanapezeka mu 1994. Chikhodzodzo cha likodzo ndiye chinandigwira mtima. Mazira a haematobium, nyongolotsi ya likodzo, ali mu khoma, ena auma ngati timiyala, aliyense ndi kaminga kake kumapeto, pamwamba pake khungu la chikhodzodzo lasanduka squamous chifukwa chokandidwa zaka ndi zaka, ndipo pambali pomwepo khansa ya squamous yayamba. Inflammation yosatha, metaplasia, dysplasia, khansa, mitu inayi ya kosi yathu pa galasi limodzi. Mnyamata wina wa ku Mangochi anati kwawo ali mwana kukodza magazi ankati ndi kukula kwa mnyamata. Anafunsa ngati praziquantel yemwe ankamwa ku pulayimale anali wa zimenezi, ndinati eya, ndi yemweyo.

Sabata 11, Lolemba

Tili pa masilaidi 34 mwa 41. Otsala ndi khansa ya kummero, chiwindi cha hepatitis B ndi aflatoxin wa mtedza ndi chimanga chofuka, amyloid, infarct ya mapapo yomwe ndi nyama yofa chifukwa chosowa magazi, shock, ndi awiri a khansa ya m'mawere. Block ya kummero yomwe tinasankha ndi yakale, utoto sukugwira bwino, bambo a ku labu ati apeza ina Lachitatu. Ya amyloid ikufuna utoto wa Congo red ndi polariser, galasi losefa kuwala, foni ikukanika kugwira kubiriwira kuja nde ndiyesa ndi kamera ya mnzanga wa ku microbiology.

Mtsikana wa pinki uja pano ali m'mawodi. Anandilembera Loweruka kuti wamva za gululi kwa ang'ono ake, ndipo ngati nkotheka alowe nawo, komanso akufuna kuthandiza pa ma voice note a masilaidi otsalawo. Ndamupatsa ya infarct ya mapapo, ndamuuza abwere Lachinayi 2 koloko adzaiyang'ane kaye pa maikulosikopu asanajambule mawu. Kachitsulo ka ku Ndirande kayamba kugwedera pa bawuti, mawa m'mawa ndikadutsa nako komweko ndisanapite ku ntchito.